Chifuwa cha a Kamwendo

Masiku ano mawu ochokera kutali amafika ali zidutswazidutswa, chifukwa mlengalenga mwadzaza phokoso. Khomo lililonse lili ndi kabokosi kowasoka. Kamataya chimene kakuchiyesa phokoso, ndipo pamene paduka kamaikapo mawu amene kakuganiza kuti ananenedwa.

Lachisanu lililonse Nangondo amasiya kusinja kuti amvere uthenga wa amuna ake, a Kamwendo, amene ali kumgodi. Bamboyo anachoka pakhomo akutsokomola kale. Kabokosi kamachotsa chifuwacho ngati phokoso, n'kusiyapo kampata ka zii. Tsono Nangondo anaphunzira kuponya nyemba m'mbale pa kampata kalikonse. Mwezi watha zinali zinayi. Sabata yatha zinakwana khumi ndi ziwiri.

Lero uthenga unabwera wosalala: "Ndili bwino, amake Tamanda. Musadandaule." Nyemba zonse zinatsala m'manja.

"Achira, alamu! Sekaniko," anatero Esinati, mchemwali wa a Kamwendo.

"Kuchira m'sabata imodzi? Mawu awa ndi a chaka chatha, alamu. Ndikuwakumbukira."

"Nanga kabokosi kanganame?"

"Sikanama, kamangosoka. Kakasowa nsalu yatsopano, kamatenga yakale."

Nangondo anagwedeza kabokosiko, kenaka anakachonderera ngati munthu kuti kabweze phokoso limene kataya. Kanayankha mwaulemu kuti uthenga wakonzedwa bwino, palibe cholakwika.

Nangondo anabweza nyemba m'kapu, nakhala pakhonde, munsi uli gone pansi.

"Lachisanu likubwerali," anatero, "Mulungu andichitire chifundo, amuna anga atsokomoleko ngakhale kamodzi."