Dzanja la a Kuramochi

Wosewera Hayasaka ataumenya mpira m'mwamba ndi ndodo, miyendo ya a Kuramochi inangonyamuka yokha.

Zaka makumi awiri a Kuramochi anakhala akuwakha mipira kumapeto kwa bwalo la besibo, masewero amene womenya mpira amatuluka ukawakhidwa usanagwe pansi. Lero anali ataima pambali koyamba, ngati mphunzitsi.

Anathamanga, nakankha wosewera wa timu ina amene amaudikira mpirawo, n'kuuwakha ndi dzanja lopanda gulovu. Anadikira kuti anthu awombe m'manja. Bwalo lonse linangoti zii.

Woyimbira anakweza chibakera: Hayasaka watuluka, timu yake yagonja.

Hayasaka anabwera akukoka ndodo yake, navula chipewa.

"Aphunzitsi, mwawakha bwino zedi. Komatu inu ndi ine tili timu imodzi."

A Kuramochi anatembenuka uku ndi uku, mpira uli m'manja, akusowa woti amuponyere.