Akuwe Ndani Mphamba Akabwera?

Padangokhala, kale mbalame za pakhomo zikudzisankhira atsogoleri, Tambala ndi Nkhanga ankalimbirana mpando. Tambala ndiye anali pampandopo, ndipo lamulo lake linali lakuti woona mphamba asakuwe, athamange kaye kukamuuza iye, pakuti mfuu ndi ya mtsogoleri yekha. Anapiye ankangotha uthenga uli m'njira.

Nkhanga ankati, "Wa kudzala akuwe za kudzala, wa kunkhokwe za kunkhokwe." Mbalame zidamusankha.

Tsiku lomwelo Tambala adamunong'oneza kuti, "Achemwali, zija zinali zokopera mavoti. Mfuu ndi yanu tsopano, muigawirenji?"

Kunena zoona, mpandowo Nkhanga udamukomera. Koma adakumbukira ana ake omwe adapita ndi mphamba, nagawa ndithu.

Mphamba atatulukira kudzala, Bakha wa kumeneko adakuwa osapempha kwa aliyense, anapiye onse nathawira m'mapiko mwa amayi awo. Nkhanga adazimva zitatha kale.

"Mwaonatu?" adatero Tambala. "Adziwa ndani kuti mtsogoleri ndinu?"

Nkhanga adaloza kumwamba, kumene mphamba ankabwerera chimanjamanja.

"Uyo wadziwa, achimwene."