Makadi Awiri a Manoli

Manoli anaika pakauntala makadi awiri oyendetsa zithunzi m'kompyuta n'kuwasisita ngati ana amapasa. Kunja mzinda wa Darwin unali kuwira, mvula ikungoopseza osagwa. M'kasitolo ka makompyutako munali anthu atatu okha: iyeyo, mayi wogulitsa dzina lake Narelle, ndi bambo Tuckwell, mkulu wopuma pantchito amene anabwera kudzatenga laputopu yake yokonzetsa.

"Onse awiriwa," anatero Manoli. "Loweruka kuli mpikisano wa magalimoto pa intaneti. Mnzanga Dwayne wandiseka mokwanira."

Narelle sanawakhudze n'komwe makadiwo. Anafotokoza mofatsa kuti masewera ambiri a masiku ano amayendera kadi imodzi basi. Yachiwiriyo imangokhala phee, n'kumadya magetsi ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Manoli anati iye anaona pa intaneti munthu wina atamanga kompyuta ya makadi anayi.

"Ameneyo amakhala kozizira, bambo. Inu mukapanikiza awiriwa m'bokosi limodzi kunoko, chipinda chisanduka uvuni."

Manoli anati awonjezera mafani oziziritsa. Narelle anati bokosi la kompyuta yakeyo ndi laling'ono, kadi yachiwiri silowamo. Manoli anati agula bokosi lalikulu. Narelle anati chogawira magetsi chake n'chofooka, chidzazima mpikisano uli pakati. Manoli anati agulanso chimenecho, koma mawu ake anali atayamba kuchepa.

Bambo Tuckwell ankamvetsera mutu ukugwedezeka. Iwo anakalambira pa ntchito yogulitsa maboti, ndipo chibadwire anali asanaonepo wogulitsa akukankha kasitomala chonchi. Anamuyang'ana Manoli: chimunthu chamapewa, nsapato zantchito zodzaza simenti, chipewa chili m'manja ngati wabwera kudzapepesa. Nkhani yonse anaimvetsa pomwepo. Mayiyu akumuderera munthu chifukwa cha fumbi la m'zovala.

"Ndipo chimakugonjetsani si kadi ayi," anawonjezera Narelle. "Pakona mumachedwa kuponda mabuleki."

Apa ndiye bambo Tuckwell magazi anawira. Mwano wotere, kwa munthu wobwera ndi ndalama zake! Anangodziletsa chifukwa laputopu yawo inali idakali m'manja mwa mayi yemweyo.

Narelle atalowa kuseri kukaitenga, mkuluyo anasendera pafupi n'kumugwira Manoli paphewa.

"Achimwene, musalole zimenezi. Munthu wokhetsa thukuta padzuwa ili ayenera kusangalala. Pitani ku Casuarina, kuli sitolo ina yaulemu, akakupatsani awiri, ngakhale atatu."

Manoli anayang'ana chitseko cha kuseri, anatsegula pakamwa, koma mkuluyo anali atatenthedwa kale.

"Ndikudziwa chikukuopsani. Kunyumba, eti? Mverani ine, ndakhala pabanja nthawi yaitali. Zinthu ngati izi sitiuza akazi. Mumalowetsa m'nyumba iwo atapita kuntchito, makatoni n'kukataya kwa aneba. Akafunsa chikulira n'chiyani, mumati ndi firiji. Ine injini ya boti ndinaibisa m'galaja mpaka inachita dzimbiri, mayi akunyumba osadziwa kanthu!"

Anaseka yekha. Manoli sanaseke. Maso ake anali pansi, makutu atafiira.

Laputopu inatera pakauntala pang'onopang'ono. Narelle anaipukuta ndi kansalu, anakulunga chingwe chake bwinobwino, n'kuwamwetulira bambo Tuckwell.

"Yachira, bambo, linali fumbi chabe. Malangizo anuwo ndi abwino ndithu, kungoti afika mochedwa. Akazi awo a bambowa ndine." Kenako anabweza kadi imodzi pashelefu. "Manoli, nyamulani imodziyo muzipita. Ana aweruka kusukulu."