Kamzere Pansi pa Chishalo

Wogula wina atangotuluka chimanjamanja, a Sipoko anadzigwetsa pabenchi, maondo akuwaza. Anthu amenewa anali atawafika m'khosi.

Njinga zakale zampikisano, zija ankayambira ophunzira kumene kuthamanga, zinali zitabwereranso m'fasho. Aliyense wolowa mushopu yawo yokonzera njinga maso ankangothamangira pa yawo yobiriwira, ya matayala owonda ngati chala ndi mahandulo opindika ngati nyanga za nkhosa. Koma ukamufunsa kokaipalasa, eee, wina akuti akaipachika pakhoma m'lesitilanti, wina akuti azikajambulitsa nayo zithunzi. Njinga yabwinobwino kusanduka kalendala!

A Sipoko ankangofuna kuigulitsa kwa munthu woti aziipalasa, poti maondo awo anali atakana. Chiigulireni ali mnyamata, palibe anaikwerapo koma iwo okha, ndipo izi ankauza wogula aliyense monyadira. Ana awo anakula akudziwa kuti kuikhudza n'kuputa mavu. Chilema cha njingayi chinali chimodzi basi: kamzere kokandika pachitsulo chonyamula chishalo. Mlandu wa kamzereko anaugwetsera kalekale pa malemu akazi awo, ati anaigunditsa posuntha katundu.

Tsikuli mwana wawo wamkazi, namwino, anabwera kudzawapaka mankhwala m'maondomo. Uyu ndiye za njinga analibe nazo ntchito chibadwire. Bambo ake akayamba za magiya, iye ankangoyasamula.

A Sipoko anayang'ana dzimbiri lomwe linayamba kudya tcheni, nausa moyo. Anamuuza kuti basi agonja, wobwera mawa angoitenga, akaipachike ngakhale kudenga. Ponena mawuwa mtima unawawawa kwambiri.

Mwanayo anapukuta manja, n'kuimirira.

"Tandipatsirani sipanalayo, bambo."

Anam'patsa monyinyirika, akuganiza kuti akufuna kutsegulira botolo la mankhwala. Koma iye analunjika panjinga paja. Anamasula nati, n'kutsitsa chishalo osayeza n'komwe, mpaka kamzere kaja kanakhala ndendende pakamwa pa felemu. Anamanganso, naponya mwendo, n'kukhalapo ngati pampando wakewake.

"Mukapita kokagula masipeya munkachedwatu kubwerako, bambo," anatero akulozetsa mahandulo kukhomo. "Kodi buleki yakumbuyoyi munaikonza, kapena ikuliralirabe pamtsetse?"