Mzere wa pa Tsamba Lachinayi

Marlys, mlangizi wa odwala maganizo, analipeza pa intaneti lipoti la kafukufuku limene ankalifuna. Anthu mazana atatu analandira chithandizo chatsopano cha matenda a maganizo, ndipo ambiri anachira.

Kutsogolo kwake, bambo Haugen ankangopotokola chipewa chawo chakumunda. Akazi awo, a Lorna, amene ankadwala maganizo, anali atakana kutsika m'galimoto panjapo. Chipale chofewa chinali chitayamba kukwirira galasi.

"Mwamwetuliratu, mayi," anatero bambo Haugen. "Makina anuwo anena zabwino eti?"

Marlys anapitiriza kuwerenga monga anamuphunzitsira kusukulu, kuti asamakhulupirire lipoti asanaone anthu amene anayesedwa. Pa tsamba lachinayi panali kamzere kamodzi: aliyense amene anayesapo kudzipha sanaloledwe kulowa m'kafukufukuyo.

A Lorna anali atayesapo kawiri.

Marlys anatsegula lipoti lina, napeza mzere womwewo. Lachitatunso chimodzimodzi.

"Ine sukulu ndinaithawa kalekale, ndiuzeni mosazungulira," bambowo anaseka pang'ono. "Anthu ngati mayi akunyumbawa, achira angati?"

Marlys anayang'ana pawindo. Galasi lonse la galimoto linali litayera, a Lorna osaonekanso.

"Oterowo sanawawerenge n'komwe, bambo," anayankha.