Maiki Yopanda Chingwe

Keke inali isanadulidwe n'komwe, koma Dijeyi Chiphokoso anali atagawa kale timakadi take holo yonse. Munthu wake ndi uja wovala magalasi akuda m'nyumba, eti. Tcheni m'khosi, jekete yonyezimira ngati pepala la maswiti, ndiye kumadzitama kuti iye akangomuona munthu kamodzi, basi wamudziwa mpaka m'mimba.

Ukwati umenewu ankaudalira zedi. Munali mabwana okhaokha, ana awo osakwatiwa ali mbwee. Ngakhale bambo a mkwatibwi anali atalandira kakadi kamodzi n'kukaika m'thumba la jekete. Zikangoyenda bwino lero, Chiphokoso asiya zokaika nyimbo m'maphwando a ana a mkaka.

Amene anamulemba ntchito anali mayi wina wofatsa, wa chipewa chachikulu, amene anakhala kumbuyo kuseri kwa chipilala ndi tiana tiwiri. Mayiyu anangoimbira foni a komiti ya ukwati kuti dijeyi ndi mphatso yochokera kuchimuna. Iwo n'kulandira ndi manja awiri, osafunsa. Zaulere, mukudziwa kale.

Chiphokoso naye sanafunse. Afunsirenji, katswiri? Anangoona makutu a tianato, otambalala ngati a mkwati, n'kudziwiratu kuti mayiwa ndi alongo ake a mkwati, ana atengera amalume. Nanga ndani winanso angadziwe nyimbo zonse zimene mkwati amakonda? Mayiyo anamuuza ngakhale imene mkwati amaimba posamba.

Ndipo nyimbozo zimagwiradi. Iliyonse ikangoyamba, mkwati ankadzidzimuka n'kumayang'ana uku ndi uku, thukuta lili kamukamu. Chiphokoso n'kumagwedeza mutu, ati wamufika pamtima.

Mayiyo anapempha zinthu ziwiri zokha tsiku lomulemba ntchito lija: maiki yopanda chingwe, ndi sipika imodzi panja kuti ndi odutsa omwe amve nawo.

"Ndikakweza dzanja, mudule nyimbo, ndili ndi mawu pang'ono," anatero. "Koma abale athu ndi ansanje. Wina akhoza kubwera kudzakuuzani kuti muzimitse."

"Mayi, maiki yanga sinazimepo munthu ali pakati polankhula," anayankha Chiphokoso akudzigunda pachifuwa. "Kaya abwere ndani."

Ndiye akwati atangogwira mpeni wa keke, dzanja lija linakwera. Chiphokoso anadula nyimbo. Anayenda holo yonse monyang'wa kukapereka yekha maikiyo, kuti aliyense aone nsapato zake zosongoka. Atabwerera patebulo pake anakweza masipika mpaka mawindo kunjenjemera.

"Mabwana ndi madona," anatero pa maiki yake ina, mawu atawalemeretsa ngati wa pawailesi, "tiwalandire alongo ake a mkwati wathu."

Mayi uja anavula chipewa. Mkwati anasiya mpeni. Amayi ake a mkwati, amene tsiku lonse ankadandaula za mawondo, anathamanga ngati mtsikana mpaka patebulo la dijeyi.

"Zimitsa, mwana iwe. Zimitsa chinthucho."

Chiphokoso anamwetulira. Nsanje ankanena ija ndi imeneyi. Anaphimba mabatani onse ndi manja awiri, n'kuponya diso kwa bambo a mkwatibwi kuti aone mmene akatswiri amagwirira ntchito.

"Pepani amayi, pano sitisokonezedwa."

Kumbuyo kuja mayi wa tiana uja anagogoda maiki ndi chala, n'kukonza kolala ya kamwana kakang'ono.

"Zikomo a dijeyi, koma mkwatiyu alibe mlongo," anatero, mawu akumveka mpaka kumsewu. "Ana inu, bambo anu amati ali ku semina aja si awo? Pitani mukawapatse moni."

Bambo a mkwatibwi anapisa dzanja m'thumba, n'kuyamba kung'amba kakadi kaja pang'onopang'ono.