Babu la kwa a Nangozo

Inu, za kwa a Nangozozi musakauze munthu! Paja kwathu kuno nyumba imalandira magetsi pokhapokha ikatumiza munthu kumafakitale a mumzinda. Iye akamagwira ntchito, babu limayaka usana ndi usiku. Likazima, sitima imabwera kudzatenga wina wa m'nyumbamo.

Ndiye Lachiwiri m'mawa, Esinati, mwana wa a Nangozo, akusesa, babu la achimwene ake a Yotamu, amene anali kufakitale, linaphethira kawiri n'kuzima. Anakwera pampando n'kuligwedeza, koma linali litayamba kale kuzizira.

"Amayi, mwina langopsa?"

"Tsika apo, tseka zenera," anatero a Nangozo. Anayatsa koloboyi n'kumuika kuseri kwa katani kuti odutsa aziona kuwala.

Koma a Nabanda oyandikana nawo aja, mphuno zawo simukuzidziwa! Anasuzumira pakhomo, ati kudzapempha mchere.

"Asisi, magetsi anuwa ayamba liti kununkha palafini?"

A Nangozo anangowapatsa mcherewo n'kutseka chitseko.

Masana sitima inalira kumunsi kwa dambo, chonsecho silinali tsiku lake. Esinati anatembenuka kuti afunse amayi ake. Anawapeza atagwada pansi, akumupukutira nsapato zake zakutchalitchi.